Sitima ya ku Beira

Hyattsville, Maryland
10 Malichi 2024

Okondedwa amake Kondi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti kutupa kwa mwendo wa amayi kukutsikako. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chakana kundisiya. Kuzizira kwayamba kuchepa.

Mudabwa kuti ndabwerera ku cholembera pomwe foni ilipo. Ndizilemba pamanja, kenako ndizijambula masambawo n'kukutumizirani. Chifukwa chake n'chakuti kumene ndikugwira ntchito tsopano kuli makamera amene amamva ndi mawu omwe, ndipo kuno kogona tilipo amuna anayi, makoma ake opyapyala ngati katoni. Zina sizoyankhula mokweza.

Kampani yathu yosamalira okalamba yandipatsa nkhalamba ina ku Bethesda, dzina lawo a Whitlock. Ndimawasambitsa, kuwaphikira ndi kuwapatsa mankhwala m'kati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu kumabwera mayi wina wa ku Lusaka, a Namakau. A Whitlock ali ndi matenda oiwala. Zadzulo sazidziwa, koma za ubwana wawo zili bwinobwino. Tsiku loyamba nditanena kuti ndine wa ku Malawi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Moni, bambo. Kwanu nkuti?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa kapu. Makolo awo anali amishoni, ndipo iwo anakulira kwathu konko mpaka atayamba sukulu. Chinyanja chawo n'chakale, chonga cha m'buku la nyimbo la agogo. Anamwino akuti zimachitika, munthu akamaiwala, chilankhulo cha ubwana ndicho chimabwerera.

Tsopano ndikuuzeni za m'chipinda chapansi. Mwadzaza timasitima tapamadzi, tina m'mabokosi agalasi, tina pamashelefu. Musaganize za zidole za ana. Kale ndege zisanachuluke, anthu ankawoloka nyanja zikuluzikulu pa sitima zonyamula anthu ochuluka ngati mudzi wathunthu. Makampani a sitimazo ankapangitsa zifanizo zake zazing'ono n'kuziika pamawindo a maofesi ogulitsira matikiti, kuti wodutsa aone, mtima umukoke. Zinkapangidwa pa sikelo, monga ndinkaphunzitsira ana a Fomu 2 za mapu: chala chimodzi apa chikuimira mamita akutiakuti pa sitima yeniyeni. Chilichonse chilipo, machumuni, timabwato topulumukira, zingwe zopyapyala ngati ulusi, ngakhale timipando. Zina anaziikira timababu m'mimba mwake kuti mawindo aziwala. Sitima zenizenizo zinaphwasulidwa kalekale, kotero anthu okonda zakale amalimbirana zifanizozi.

A Whitlock ali ndi mwana mmodzi, a Marjorie. Ndi amene anaika makamera. Amabwera Lamlungu ndi masiku ena mwadzidzidzi. Ndi aulemu, amamwetulira, koma ndikamaweruka maso awo amakhala pa chikwama changa. Sindikuwada. Akuti amene analipo ine ndisanabwere anachoka mosakhala bwino. Sindinafunse.

Madola aja ndinabisa m'nsapato ya Kondi poitumiza ndamva kuti munawapeza, ndathokoza. Mugule mankhwala opopera mbatata, otsalawo musunge a malata. Mpope musabwerekenso alamu anga a Mac, chaka chatha unabwera wopanda chivindikiro.

Moni kwa onse.
Ine wanu,
Gracian


Hyattsville
21 Epulo 2024

Okondedwa amake Kondi,

Moni wa m'mawa kapena wamadzulo, malinga ndi nthawi imene muwerenge. Chimfine chinatha. Ndasangalala kumva kuti mbatata yachita bwino ku dimba lakumtunda. Musathamangire kugulitsa kwa mavenda a pa Lizulu, mtengo ukwera.

Ndili ndi nkhani. Mwa timasitima tonse tija pali kamodzi kamene a Whitlock amakakonda kuposa tonse. Nkotalika ngati mkono wanga, pansi pake mtundu wa maluwa a jakaranda, chumuni chofiira ndi chakuda. Akuti ndi chifanizo cha sitima imene inawanyamula ali mwana kuchoka ku Mangalande mpaka ku Beira, kumene anakwera sitima yapamtunda yopita ku Limbe. Tsiku lililonse tikadya amati, "Tiyeni tikaone ya ku Beira." Ndimawagwira mkono, timatsika pang'onopang'ono, amandionetsa windo limene akuti ankagonapo ndi amayi awo. Windo lake limasintha tsiku ndi tsiku, ine ndimangovomera.

Sabata yatha a Marjorie anali pa ulendo wa kuntchito. Titatsikira pansi, a Whitlock anaitulutsa sitimayo, naiika m'bokosi lake lathabwa, n'kundilozetsa. Anati, "Iyi ipite kwawo. Tenga." Ndinati, "Ayi bambo, ichi n'chachikulu." Amake Kondi, nkhope yawo inasintha. Anati, "Ndiwe mwana wa yani iwe, wokana mphatso ya mkulu?" Ndinamva ngati ndi malemu bambo anga. Munthu woleredwa ngati ine akanatani? Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Iwo analira pang'ono, kenako anasuntha sitima ina n'kuiika pamalo pomwepo, nati nkhaniyi ndi ya anthu awiri.

Ndinaikulunga m'bulangete n'kukwera nayo Metro, sitima yapamtunda ya mumzinda muno, anthu akundiyang'ana ngati ndanyamula mwana. Kuno sindinafune kuti ikhalitse. Mmodzi mwa anzanga ogona nawo anandifunsa kawiri kuti m'bokosimo muli chiyani, ndipo ndi munthu amene zinthu zimasowa akakhala yekha panyumba. Choncho ndinapita nayo kwa a Chakufwa, bambo a ku Mzimba amene amatumiza migolo ya anthu pa kontena. Mgolo wathu unali utatsala pang'ono kudzaza. Muli mabulangete, nsapato za ana, nyale ya sola, mapoto aja munapempha, ndi bokosilo pakatikati. Akuti kontena inyamuka ku Baltimore mwezi wamawa, ndipo idzatsikira ku Beira komweko. Ndinaseka ndekha nditamva zimenezo.

Ikadzafika muiike pa disipuleyi. Ndikadzabwera ndidzapita nayo kusukulu kwathu kwakale, ana akaone sikelo ndi maso.

Pali lamulo lina la kampani lonena za mphatso. Ine ndikuona kuti limanena za ndalama ndi mawotchi, osati chikumbutso cha nkhalamba. Ndifunsa ndikapeza mpata wabwino.

Fizi ya Kondi ndatumiza pa foni yanu. Mundiuze ikafika.

Ine wanu,
Gracian


Hyattsville
2 Juni 2024

Okondedwa amake Kondi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo kuzizira kwa ku Ntcheu sikunakupwetekeni. Ine thupi lili bwino. Tulo ndi tomwe tikuvuta.

Kalatayi muwerenge muli nokha, mukatha muifufute mufoni.

A Marjorie aganiza zowapititsa bambo awo ku nyumba yosungirako okalamba chaka chisanathe. Malo amenewo kuno ndi odula koopsa, ndiye akufuna kugulitsa timasitima tonse pa okushoni mu Novembala. Anabwera ndi bambo wina wodziwa mitengo ya zinthu zakale, a Dorsey, wovala magolovesi oyera ngati wapolisi wapamsewu. Ine ndinali pomwepo ndikuwagwirizira a Whitlock. A Dorsey anayenda shelefu ndi shelefu, kenako anaima. Anati, "Apa panali ina, yapansi pa mtundu wa jakaranda. Ndinaikonzapo zingwe ine ndemwe." Anasuntha imene inalipoyo, ndipo pa thabwa pankaoneka malo aakulu opanda fumbi.

A Marjorie anafunsa bambo awo. Iwo anangomwetulira nati, m'Chingerezi, "Yanyamuka." Anafunsanso, yankho lomwelo. Kenako anatembenukira kwa ine.

Ndinali ndi mpata wonena. Ndinatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo a Dorsey anatchula mtengo wake. Amake Kondi, sindilemba nambalayo. Ingodziwani kuti ingamange nyumba ngati yathu kawiri, ndi mpanda womwe. Akuti za mtundu umenewo zatsala zowerengeka, ndipo iyi utoto wake ndi woyambirira, sunakhudzidwepo. Kuno munthu wosamalira odwala akatenga chinthu cha wodwala woiwala, ngakhale wapatsidwa, amati waba, chifukwa amati wodwalayo sadziwa chimene akuchita. Ndipo nkhani ya mapepala anga mukuidziwa, ili m'manja mwa loya, sikufuna dzina langa limveke kupolisi. Ndinangoti, "Sindikudziwa, madamu." Mawu amenewo akundiwawa mpaka lero.

Chiyambire tsikulo m'chipinda chapansi aikamo kamera, ndipo chitseko chake amakiya. A Whitlock akati tikaone ya ku Beira, ndimawanamiza kuti magetsi azima.

Tsopano mvetserani. Mgolo ukafika, bokosi lathabwa lija musalitsegule pamaso pa anthu. Musaliike pa disipuleyi monga ndinanenera. Likhale pansi pa bedi lathu, ana asalikhudze. Musauze munthu, ngakhale amayi, makamaka a Mac. Chinthucho chili ndi mtengo woposa zonse zili mumgolomo, ndi mgolo womwe. Zina ndidzakufotokozerani.

Mbatata gulitsani theka. Za malata tiyambe tadikira.

Ine wanu,
Gracian


Hyattsville
7 Julayi 2024

Okondedwa amake Kondi,

Moni nonse. Ndathokoza pa zithunzi za ana. Kuno kwatentha ngati ku Nsanje, ndipo kutentha kwake n'konyowa.

Mwandifunsa mafunso awiri, ndiyankha onse modekha.

Loyamba, mwati chidole chathabwa sichingakhale ndi mtengo wa nyumba, ndiye ndinene zoona zake za chimene chili m'bokosimo. Ndikumvetsa. Inenso ndikanamva kwa wina ndikanaseka. Koma taganizani za nsalu ya chilundu imene amayi anu anasunga ya ukwati wawo. Pamsika palibe angaigule, koma ikanakhala kuti anthu olemera ambiri akuifuna ndipo yatsala imodzi dziko lonse, mtengo ukanakwera mpaka kumwamba. Zakale zimayenda choncho. Si thabwalo ayi, ndi kusowa kwake ndi ukalamba wake. M'bokosimo muli sitima basi.

Lachiwiri, mwafunsa kuti a Namakau amene ndikuwatchulatchulawa ndi ndani kwenikweni kwa ine. Ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wa ana atatu, ndipo pakali pano ndi munthu amene ndamulakwira. A Marjorie anakadandaula ku kampani, ndipo chikayiko chinagwera iwo, chifukwa mchimwene wawo amabwera kudzawatenga pa galimoto Lamlungu, pomwe ine ndimayenda wapansi kupita ku Metro. Anati chinthu chachikulu chotere chinachoka pa galimoto. Awaimitsa ntchito mpaka nkhani itafufuzidwa.

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Bowie, a Namakau anandipeza pamene timamwera tiyi. Anati, "Ba Gracian, imwe muli mu nyumba muja five days. Palibe vamene munaona?" Ndinati ndikuganizira. Anati, "Ganizani fast. Ine nili na bana, na rent siyembekeza munthu. Ndipo mukamakamba na ine muziniyang'ana kumaso." Tiyi ndinamusiya pomwepo.

Ndinathamangira kwa a Chakufwa kukapempha kuti mgolo utsitsidwe. Anaseka. Akuti kontena ili pakati pa nyanja, ngakhale mwini sitima sangaitsegule. Kenako anasiya kuseka nati, "Aphunzitsi, mwaikamo chiyani mumgolo umenewu? Musandigwetsere m'mavuto ndi akasitomu, ine ndili ndi katundu wa anthu ambiri." Tsopano nawonso akundiyang'ana mwina. Ndikuopa kuti auza mng'ono wawo wa ku Kanengo kuti ausuzumire. Mukadzapita kokatenga, muonetsetse ngati loko ndi yomwe ija yabuluu ndinakutumizirani chithunzi chake.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Zina ndapereka kwa abusa kuti akapatse banja lina popanda kutchula dzina langa. Musandifunse zambiri.

Ine wanu,
Gracian


Hyattsville
4 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Kondi,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani chifukwa cha chete wa masabata apitawa. Sindinadwale.

Zaululika. Ndinali nditakonza mawu oti ndikanene ndekha, ndikumayeserera m'sitima popita kuntchito, koma a Marjorie anandiyambirira. Anandiitanira kukhitchini, naika foni yawo patebulo. Kamera ya pakhomo, imene ine ndinkaiyesa belu chabe, imasunga zithunzi za miyezi yambiri. Anakhala akuzibwereza mpaka anandipeza, ndikutuluka ndi bulangete lija m'manja ngati ndanyamula mwana.

Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, za Beira, za mawu a bambo awo, ndi kuti kwathu mkulu akakupatsa chinthu sukana, umalandira ndi manja awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ngati inali mphatso, munanamiranji?" Anafunsa bambo awo pamaso panga ngati anandipatsa. Tsiku limenelo mutu wawo sunali bwino, anangofunsa kuti chakudya chipsa liti.

Chigamulo chawo ndi ichi. Sitima ibwerere yathunthu okushoni isanafike. Ikabwera, nkhani ithera m'nyumba momwemo. Ikapanda kubwera, apita kupolisi ndi kanema uja. Pakali pano akundisungabe pantchito, akuti chifukwa bambo awo amakana kudya akawapatsa wina. Ine ndikuona kuti akufunanso ndizikhala pamene akundiona. A Namakau abwerera kuntchito. Tikakumana posinthana Lachisanu amandidutsa osandipatsa moni.

Njira yapezeka. A Eleanor, akazi a bwana wina wa ku embase amene timapemphera nawo, ali ku Lilongwe patchuthi ndipo abwerera kuno mu Okutobala. Avomera kutenga bokosilo m'sutikesi yawo. Ndawauza kuti ndi katundu wa abwana anga amene anapita molakwika. Nambala yawo ndakutumizirani.

A Chakufwa akuti kontena yatsika ku Beira, ifika ku Kanengo mwezi uno usanathe. Pitani nokha, kapena ndi Kondi. Mukafika nayo sitimayo kunyumba, chonde: musaipukute ndi madzi, musaipake polishi kapena mafuta, ngakhale muone kuti yachita dzimbiri kapena yatuwa. Kutuwako ndiye mtengo wake. Musaigwedeze. Musaiike padzuwa. Bokosi likhale lotseka mpaka m'manja mwa a Eleanor.

Mwalembanso kuti mukuona ngati ndikukubisirani kanthu. Palibe, amake Kondi. Ndakuuzani zonse tsopano.

Ine wanu,
Gracian


Hyattsville
8 Seputembala 2024

Amake Kondi,

Ndili moyo. Zithunzi ndaziona. Foni sindinayankhe chifukwa ndinaopa zimene ndikanayankhula.

Mwati munapita ndi a Mac ku Kanengo chifukwa mgolo ndi wolemera. Mwati usiku simunkagona poganiza kuti ndakutumizirani chinthu choti chingakumangitseni, ndiye munawauza. Mwati atagwedeza sitimayo anamva kuti kwechekweche m'kati, nati, "Alamu amabisa madola m'nsapato, apa ndiye abisa a nyumba yonse." Ndipo anatenga tchizulo n'kuiboola.

Chimene chinkalira m'katimo ndi timababu tija ndinakuuzani m'kalata yoyamba, ndi mawaya ake akale. Mwaona nokha.

Ndakhala ndikufunafuna woti ndimukwiyire. Wobisa ndalama m'nsapato ndine. Wolemba kuti musauze munthu, mufufute kalata, zina ndidzafotokoza, ndinenso. Munthu wolandira kalata zotere aganiza chiyani? A Mac ndidzayankhula nawo tsiku lina, osati chaka chino.

Tolani chidutswa chilichonse, ngakhale chaching'ono ngati njere ya mpunga. Sesani pansi ndi burashi yofewa, muike m'botolo louma. Chumuni chothyokacho mukulunge pachokha. Musamate ndi supagulu, ndipo a Mac asayese kukonza. Zonse zipite kwa a Eleanor momwe zililimo.

Feteleza gulani matumba ochepa. Ndalama zotsala musazikhudze, mwina zifunika kuno.

Gracian


Hyattsville
20 Okutobala 2024

Okondedwa amake Kondi,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana, ndipo minda mwamaliza kugalauza. Ine ndili bwino. Ndikulemba ndili kunyumba kuno, osati kwina kumene tinkaopa kuja, ndiye yambani mwapuma.

A Eleanor anafika Lachinayi. Pondipatsa bokosi anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, katundu wa abwana anuyu akulira ngati mbale zosweka." Ndinangothokoza.

Dzulo Loweruka ndinapita nalo ku Bethesda. A Marjorie anali ataitana a Dorsey. A Whitlock anali pampando wawo pabalaza, a Namakau akuwadula zikhadabo, popeza linali tsiku lawo. Ndinaika bokosi patebulo, ndinatsegula ndekha, ndi botolo la zidutswa pambali. Sindinafune kuti wina anditsegulire.

A Dorsey anavala magolovesi, anayang'ana bowo lija, kenako anawavula osakhudza kanthu. Anati ikhoza kukonzedwa kuti ioneke bwino, koma ogula zakale safuna zokonzedwa, mtengo wake wapita. A Marjorie sanakweze mawu. Anati, "Tinagwirizana kuti yathunthu." Anatenga foni yawo.

Pamenepo a Whitlock anadzutsa mutu. Anaona mtundu wa jakaranda uja, nayamba kuyankhula Chinyanja. Anati, "Inafika ku Beira?" Ndinati inafika, bambo, mpaka kwathu ku Ntcheu. Anati, "Nanga yabwereranji?" Anamenya dzanja pampando nati, "Ndinakupatsa ine ndemwe, unalandira ndi manja awiri. Kwanu mphatso ya mkulu amabweza? Wandichititsa manyazi."

Amake Kondi, mawu amene ndinawadikira miyezi yonseyi anatuluka, koma m'chilankhulo chimene mwana wawo sachimva. A Marjorie anati, "Akuti chiyani?" Ndinayamba kumasulira. Anandiimitsa ndi dzanja nati, "Inu ayi." Anapempha bambo awo kuti abwereze m'Chingerezi, koma iwo anali atayamba kale kuyang'ana kunja. Ndiye anatembenukira kwa a Namakau.

Taganizani. Munthu yekhayo m'chipindamo amene akanandipulumutsa anali yemwe ndinamusiya kuti aimitsidwe ntchito chifukwa cha bodza langa. Akanangoti nkhalamba ikubwebweta, palibe akanawatsutsa. A Namakau anapitiriza kudula chikhadabo chimene anali atayamba, anachimaliza, anapukuta kachodulirako pa thaulo. Sanandiyang'ane. Kenako ananena m'Chingerezi mawu onse monga anatulukira, osawonjezera, osachotsa, mpaka a manyazi aja.

A Marjorie anafunsa kuti, "Mukutsimikiza? Simunapangane?" A Namakau anati, "Madamu, ine ndi a Gracian awa sitinapatsane moni kuyambira Julayi."

A Marjorie anakhala pansi pafupi ndi bambo awo, nawagwira dzanja limene linali litadulidwa kale zikhadabo. Anati sankadziwa kuti bambo awo amayankhula chilankhulo chimenechi mpaka kukalipa nacho. Patapita nthawi anaimirira, anatseka bokosi, naika botolo pamwamba pake, n'kulikankhira kwa ine. Anati, "Ndi yanu. Tengani. Makiyi musiye patebulo."

Kupolisi sapita. Kampani aiuza kale za mphatsoyo, ndipo lamulo lija silinkanena za mawotchi okha. Andichotsa. Nditakatsanzika kwa a Whitlock, anandifunsa mwaulemu kuti kwathu nkuti.

A Namakau anandiperekeza mpaka pakhomo, pansi pa kamera ija. Ndinayamba kuthokoza, anandidula. Anati, "Sininachitile imwe. Madala anakamba, ine nabweza chabe vamene anakamba. Na vija vamene munapasa ba pastor, ninaziba kuti ni imwe. Sivinakwane." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Manje yendani, muzasiyiwa na Metro." Koma anandigwirira chitseko.

Abusa akuti kuli malo ena otsuka mbale ku nyumba ya okalamba ku Bowie, ndikaonana nawo Lachiwiri. Malipiro ake ndi ochepa. Malata adikire chaka china, pamene pakudontha muikepo pepala lapulasitiki lija mvula isanayambe. Fizi ya Kondi ndiyesetsa isadukize.

Sitima ili pano pamwamba pa kabati. Mnzanga wogona naye uja waiyang'ana kamodzi, sanafunsenso. Madzulo ndikumabwezeretsa timabwato ndi chumuni pang'onopang'ono, koma bowolo sindilitseka. Idzabweranso mumgolo wotsatira, pakuti mwini wake anati ipite kwawo. Ikadzafika muiike pa disipuleyi, mbali yobookayo iyang'ane kukhomo, kuti aliyense wolowa, ndi a Mac omwe, azidzionera yekha kuti mulibe kanthu.

Moni kwa amayi ndi ana. Kalata iyi musafufute.

Ine mwamuna wanu,
Gracian